Ulu, Chakudya cha Makolo a ku Polynesia, Walowa M'firiji

Pa zilumba za Polynesia, m'nyanja yaikulu ya Pacific, pali mtengo umene eni dziko amaulemekeza monga ife tilemekezera chimanga. Ku Hawaii ndi ku Samoa chipatso chake amachitcha ulu, ku Tahiti amati uru, ndipo Angerezi anachipatsa dzina loti breadfruit. Kukula kwake n'kwa dzungu laling'ono, ndipo chikaphikidwa chimakoma ndi kukhutitsa monga mbatata kapena chinangwa.

Mitundu yambiri ya mtengowu ilibe njere. Chifukwa chake makolo a anthuwa, pooloka nyanja m'mabwato kukafuna zilumba zatsopano, ankanyamula mphukira za ku mizu yake. Mbiri yake inafika ndi ku Ulaya komwe, kotero kuti m'chaka cha 1787 Boma la Britain linatuma William Bligh ku Tahiti pa chombo chotchedwa Bounty, kukatenga mbande zoti zikadyetse akapolo ku West Indies. Amalinyero ake anamuukira mu 1789, koma pa ulendo wachiwiri mbandezo zinafika ku Jamaica mu 1793.

Komatu chipatsochi chili ndi vuto limodzi lalikulu. Chikathyoledwa chimafewa ndi kuwonongeka m'masiku owerengeka chabe, pamene mitengo imabereka yonse pamodzi pa nyengo yake. Akale anali ndi nzeru yawo: ankakumba maenje onga nkhuti za mbatata, nayalamo masamba, n'kukwiriramo ulu kuti usase. Chakudya chosasacho ku Samoa amachitcha masi, ndipo chinkapulumutsa midzi pa chilala ndi pa namondwe. M'kupita kwa zaka mpunga ndi ufa wa tirigu wa m'masitolo zinalanda malo, maenje ambiri nasiyidwa.

Zotsatira zake zaoneka poyera ku Hawaii, kumene chakudya choposa magawo 80 pa 100 chimachokera kunja. Zombo zitati zichedwe, masitolo sangakhalitse asanayere. Poona ichi, alimi 9 anagwirizana m'chaka cha 2016 nakhazikitsa bungwe la Hawaii Ulu Cooperative. Iwo amasonkhanitsa zipatso zokhwima, kuzidula, kuziphika ndi nthunzi, kenaka kuziziziritsa m'firiji kufikira zitauma gwaa. Motero chipatso chimene chikadaola sabata isanathe chimasungika miyezi yambiri, ndipo chimagulitsidwa kumasukulu, kuzipatala ndi kunyumba zodyera. Mayi wochokera kuntchito madzulo angotsegula paketi, kutenthetsa, banja n'kudya.

Mbewu nayonso ikusamalidwa. Bungwe la Breadfruit Institute, limene linayamba mu 2003 motsogozedwa ndi Diane Ragone, limasunga mitundu pafupifupi 150 ya mtengowu pa chilumba cha Maui.

Tisabise, walira mvula walira matope. Dzenje la makolo silinkalira ndalama, koma firiji imalira magetsi usana ndi usiku, ndipo magetsi a ku Hawaii ndi okwera mtengo koposa. Ulu wa m'paketi uyenera kupikisana ndi mpunga wotchipa wa kunja. Komabe mlimi sadzala mtengo umene umatenga zaka zitatu kufikira zisanu usanabereke ngati sakudziwa kumene adzagulitse zipatso zake. Firiji yamupatsa msika wa chaka chonse, ndipo n'chifukwa chake minda ya ulu yayambanso kudzalidwa.