Galu Wonyambita Mapazi

Galu ndi chiŵeto chimene chimapezeka pafupifupi m'mudzi uliwonse. Amalonda nyumba usiku, amaingitsa anyani m'munda, ndiponso amaperekeza alenje ku uzimba. Pa ntchito zonsezi galu amadalira mapazi ake. Phazi likadwala, galu sangathamange, ndipo mwini wake amakhala ngati alibe mlonda.

Phazi la galu lili ndi zala 4 zimene zimaponda pansi, ndipo chala chilichonse chili ndi chikhadabo. Kunsi kwa phazi kuli minofu yochindikala yonga timitsamiro. Minofu imeneyi imamteteza pamene akuyenda pamiyala, ndiponso m'menemo ndimo mumatulukira thukuta lake. Koma pakati pa zala pali khungu lofeŵa limene silichedwa kuvulala.

Galu aliyense amanyambita mapazi ake nthaŵi zina pofuna kuchotsa matope kapena fumbi. Zimenezi sizodetsa nkhaŵa. Chodetsa nkhaŵa n'chakuti galu azinyambita phazi kosalekeza, usana ndi usiku, mpaka kumaliluma. Akuluakulu adati, "Galu wamkota sakandira pachabe." Momwemonso galu sanyambita phazi pachabe. Iye sangathe kulankhula, motero kunyambitako ndiyo njira yake yosonyezera kuti penapake pakumuŵaŵa kapena pakumuyabwa.

Zifukwa zake

Chifukwa choyamba ndi kuvulala. Galu amayenda m'tchire mopanda nsapato. Akhoza kulasidwa ndi munga, kuchekedwa ndi galasi losweka kapena chitini chakale kudzala, ngakhale kuthyoka chikhadabo. Nsanu za udzu wouma nazo zimaloŵa pakati pa zala ndi kumira m'khungu. Ena amapsa chifukwa choponda phulusa lamoto, kapena msewu wa tala m'mwezi wa Okutobala dzuŵa likamaswa mtengo. Galu wovulala kaŵirikaŵiri amanyambita phazi limodzi lokha ndipo amatsimphina.

Chifukwa chachiŵiri ndi tizilombo. Nkhupakupa zimakonda kubisala pakati pa zala ndi kumayamwa magazi. Matekenya, amene amakhala m'fumbi, amaloŵa m'mapazi a agalu monga momwe amaloŵera m'mapazi a anthu. Tekenya wamkazi akaloŵa m'khungu amatupa ndi mazira mpaka kukula ngati kanjere ka nandolo. Utitiri ndi tizilombo ta mphere timachititsa thupi kuyabwa koopsa. Palinso ana a njoka zam'mimba, osaoneka ndi maso, amene amakhala m'dothi lonyowa lokhala ndi ndowe za agalu. Ameneŵa amaboola khungu la kuphazi, ndipo phazilo limafiira ndi kuyabwa.

Chifukwa chachitatu n'chakuti matupi a agalu ena sagwirizana ndi zinthu zina, monga mungu wa maluŵa ndi udzu, fumbi, kapena chakudya china. Galu wotere amanyambita mapazi aŵiri kapena onse anayi. Nthaŵi zambiri amakandanso m'makutu ndi kumimba.

Galu wokalamba akhoza kumanyambita mwendo chifukwa cha nyamakazi, pakuti mfundo za mafupa ake zimaphwanya. Winanso amanyambita chifukwa chosoŵa chochita. Galu womangidwa pa unyolo tsiku lonse, wopanda mnzake woseŵera naye, amasungulumwa. Amayamba kunyambita mwendo pongotayitsa nthaŵi, ndipo m'kupita kwa masiku chimasanduka chizoloŵezi chovuta kuchileka.

Kuipa kwa kunyambita kosalekeza

Anthu ena amati malovu a galu ndi mankhwala, motero galu amadzichiza yekha. N'zoona kuti kunyambita pang'ono kumachotsa dothi pabala. Koma lilime likamadutsa pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, ubweya umasosoka ndipo khungu limanyuka. Phazi limakhala lonyowa nthaŵi zonse, ndipo m'chinyezi chimenecho tizilombo toyambitsa matenda timaswana msanga. Ubweya woyera umasanduka wofiirira, phazi limanunkha, kenaka pamatuluka mafinya. Pamene chilonda chikuyabwa kwambiri, galu amanyambitanso kwambiri, ndipo chilondacho chimangokulirakulira.

Kumenya galu wotere kapena kumkalipira sikuthandiza konse. Iye amangopita kuseri kwa nkhokwe ndi kukapitiriza. Chofunika ndicho kupeza chimene chikumsautsa ndi kuchichotsa.

Chithandizo cha pakhomo

Mwana akaona kuti galu akunyambita phazi mopitirira, ayenera kuuza makolo ake. Asaligwire yekha, chifukwa galu amene akumva ululu akhoza kuluma ngakhale mbuye wake. Munthu wamkulu amene galuyo adamzoloŵera ndiye ayang'ane phazilo masana poŵala. Ayambe wamanga kukamwa kwa galu ndi kansalu kwa kanthaŵi kochepa. Kenaka atambasule zala chimodzichimodzi, ayang'ane pakati pake, kunsi kwa phazi ndi m'zikhadabo.

Munga wooneka bwino auzule ndi kachitsulo kopanira koŵiritsa. Nkhupakupa aipane pafupi ndi khungu ndi kuikoka pang'onopang'ono kuti mutu wake usatsalire, kenaka aiponye pamoto. Asaiphwanye ndi zala. Akatero asambitse phazi ndi madzi amchere. Madziwo akhale oŵiritsa ndi oziziritsa mpaka kungofunda, ndipo m'theka la lita athiremo mchere wodzaza kasupuni kamodzi ka tiyi. Phazi aliviike kwa mphindi 5, kaŵiri pa tsiku, ndipo nthaŵi zonse alipukute ndi nsalu yoyera mpaka pakati pa zala paume. Pomaliza munthuyo asambe m'manja ndi sopo.

Kuti bala lipole, galu ayenera kuleka kulinyambita. Njira yabwino ndiyo kumveka m'khosi chikatoni chodulidwa ngati fanulo, chotalika kupitirira mphuno yake pang'ono. Ndi chimenechi galu amatha kudya ndi kumwa, koma lilime lake silifika paphazi.

Pali zinthu zina zimene siziyenera kugwiritsidwa ntchito. Oilo wakuda wa galimoto, palafini ndi mankhwala opopera thonje zimatentha khungu, ndipo galu akazinyambita akhoza kufa. Mapiritsi opha ululu a anthu nawonso ndi oopsa kwa galu, chifukwa amatha kuwononga chiŵindi, impso kapena chifu chake.

Nthaŵi yoitana mlangizi wa ziŵeto

Matenda ena sangachizike pakhomo. Ngati phazi latupa, likutuluka mafinya kapena magazi osaleka, ngati galu sakuponda pansi kapena akukana kudya, mwini wake apite kwa mlangizi wa ziŵeto tsiku lomwelo. Apitenso ngati papita masiku 3 popanda kusintha. Mlangizi ndiye amadziŵa mankhwala oyenera a mphere, matekenya, njoka zam'mimba ndi zilonda za mafinya, ndiponso muyeso wake malinga ndi kulemera kwa galu.

Pali chenjezo limodzi lalikulu. Galu amene wayamba chiŵeŵe nthaŵi zina amanyambita kapena kuluma malo amene adalumidwa ndi nyama ina. Tsono ngati galu wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akuchucha dovu, akuluma chilichonse kapena akulephera kumeza, munthu aliyense asamuyandikire. Akuluakulu adziŵitse mlangizi msanga. Munthu wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Chiŵeŵe chimapeŵeka ndi katemera, koma chikayamba kuonekera m'thupi sichichizika.

Kupeŵa

Mavuto ambiri a mapazi amapeŵeka mosavuta. Pogona galu pakhale pouma ndi posesa bwino. Ndowe zake zizichotsedwa tsiku ndi tsiku, ndipo magalasi osweka ndi zitini zizikwiriridwa m'dzenje. Galu azisambitsidwa ndi mankhwala ophera nkhupakupa ndi utitiri monga mwa malangizo a mlangizi, azimwetsedwa mankhwala a njoka zam'mimba miyezi 3 iliyonse, ndiponso azibayitsidwa katemera wa chiŵeŵe chaka ndi chaka kuyambira ali ndi miyezi 3. Galu womangidwa azimasulidwa tsiku lililonse kuti ayende ndi kuseŵera ndi mbuye wake.

Ana ndiwo amakhala ndi galu nthaŵi yaitali kuposa akuluakulu, motero ndiwo amayamba kuona pamene wayamba kutsimphina kapena kunyambita phazi. Mwana wonena msanga amapulumutsa galu ku chilonda chimene chikadamgoneka milungu yambiri.

Mafunso

1. Tchulani ntchito 3 zimene galu amagwira pamudzi.
2. Kodi n'chifukwa chiyani pakati pa zala za galu sipachedwa kuvulala?
3. Tchulani tizilombo 4 timene timachititsa galu kunyambita mapazi.
4. Kodi chimachitika n'chiyani galu akamanyambita malo amodzimodzi masiku ambiri?
5. Fotokozani kakonzedwe ka madzi osambitsira phazi la galu.
6. N'chifukwa chiyani mwana sayenera kugwira yekha phazi la galu wovulala?
7. Kodi munthu wolumidwa ndi galu ayenera kuchita chiyani?
8. Perekani tanthauzo la mwambi wakuti, "Galu wamkota sakandira pachabe."

Ntchito

Pangani ziganizo ndi mawu aŵa: tsimphina, sungulumwa, nsanu, chindikala, katemera.