Masamu Akulimbikitsa Makampani Kuuzana za Akuba a pa Intaneti

Akuba akathyola makompyuta a kampani, kawirikawiri kampaniyo imabisa nkhaniyo poopa kuti makasitomala ake akamva athawira kwina. Koma ikabisa, akuba omwewo amakathyolanso kwa ena ndi njira yomwe ija.

Vuto lotere akatswiri a masamu analifufuza kalekale. M'chaka cha 1950 a Merrill Flood ndi a Melvin Dresher a ku America anakonza chitsanzo chimene chinadzatchuka ngati nkhani ya akaidi awiri. Aliyense amafunsidwa payekha. Woneneza mnzake amamasulidwa ngati mnzakeyo sanamuneneze. Koma onse akanenezana, chilango chawo chimakula kuposa mmene chikanakhalira akanakhulupirirana. Aliyense akamangosamala zake, onse amataya.

M'chaka cha 1980 a Robert Axelrod a pa yunivesite ya Michigan anachititsa mpikisano wa mapulogalamu a kompyuta, osewera masewerawa mobwerezabwereza. Inapambana ndi njira ya a Anatol Rapoport: yamba ndi kuchitira mnzako zabwino, kenako uzimubwezera zomwe wakuchitira. Izi zinaonetsa kuti pamene anthu adzakumananso mawa, kugwirizana kumapindulitsa.

Nzeru yomweyi ikuoneka m'bungwe la Cyber Threat Alliance, lomwe linayambitsidwa m'chaka cha 2014 ndi makampani oteteza makompyuta a Fortinet, Palo Alto Networks, McAfee ndi Symantec. Makampaniwa amalimbirana makasitomala, komabe lamulo la bungweli ndi lakuti membala aliyense azibweretsa zomwe wapeza zokhudza njira za akuba. Wofuna kulandira za anzake ayenera kuperekanso zake.

Kuopsa kwa akubawa kunaoneka mu Meyi 2017, pamene pulogalamu yoononga ya WannaCry inafalikira m'mayiko pafupifupi 150. Ku Britain zipatala zina zinabweza odwala chifukwa makompyuta anali atatsekeka.

Nkhaniyi ikukhudzanso anthu a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, pakuti ndalama zotumizidwa pa M-Pesa ndi e-Mola zimadutsa m'makompyuta. Munthu amene wapusitsidwa ndi uthenga wabodza wa pa foni akabisa chifukwa cha manyazi, wakubayo amapeza mpata kwa wina wa m'mudzi momwemo. Akaulula, nayenso adzachenjezedwa tsiku lina. Paja akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.