Dzino Likabenthuka, Adokotala Amalikonza Bwanji?

Ana inu, mukadzicheka ndi mpeni, bala limapola lokha. Fupa la mkono likathyoka, amalimanga ndipo pakapita masabata angapo limalumikizana. Koma dzino likabenthuka, ngakhale mudikire mpaka kumera imvi, pobenthukapo sipameranso. N'chifukwa chiyani?

Yankho lili m'kapangidwe ka dzino. Kunja kwake kuli chikuto choyera chotchedwa enamelo. M'thupi lonse la munthu mulibe chinthu cholimba kuposa enamelo, ngakhale fupa silifikapo. Koma enamelo alibe magazi, alibenso maselo amoyo oti n'kumanga pomwe pagumuka. Pansi pake pali gawo lachikasu lofewerapo, lotchedwa dentini, ndipo pakatikati penipeni pali mitsempha ndi timitsempha ta magazi. Makoswe ali ndi mwayi, chifukwa mano awo akutsogolo amakula moyo wawo wonse. Ng'ona nayo ikataya dzino, lina limamera. Ife anthu timamera mano kawiri kokha: oyamba 20 a ubwana, kenako 32 a ukulu, omwe amayamba kutuluka mwana akafika zaka pafupifupi 6. Achiwiriwa ndiwo omaliza.

Ngakhale ndi wolimba chotero, enamelo amasweka akagundidwa mwadzidzidzi. Kugwa panjinga, kuwombana mitu pa mpira, kuluma kamwala kobisala mu mpunga, kapena kutsegula botolo la zakumwa ndi mano, zonsezi zimabenthula dzino. Popeza thupi silingalikonze, ntchitoyo imagwera dokotala wa mano, ndipo iye amayamba waona kukula kwa chibenthucho.

Ngati kabenthuka ndi kansonga chabe, amangosalaza m'mphepete kuti musamadzicheke lilime. Zimatenga kanthawi kochepa, ndipo nthawi zambiri safuna ndi jakisoni womwe.

Ngati chibenthu n'chachikulupo, amamata dzinolo ndi phala lapadera lotchedwa kompoziti, lomwe ndi pulasitiki wosakaniza ndi ufa wosalala kwambiri wa galasi. Choyamba adokotala amasankha phala lofanana mtundu ndi mano anu, poti mano a anthu sayera mofanana. Kenako amapaka mankhwala a asidi pobenthukapo kwa masekondi ochepa, n'kutsuka. Munaonapo wokonza njinga akumata chubu? Amayamba wapalapala pobowokapo kuti guluu agwire. Asidi uja amagwira ntchito yomweyo: amasiya timaenje tosaoneka ndi maso, momwe guluu wa dzino amalowa n'kukakamira. Nzeru imeneyi anaitulukira ndi dokotala wa ku America, Michael Buonocore, mu 1955. Akatsuka asidi uja, adokotala amaika phala lija pang'onopang'ono, kuliumba kuti likhale ngati dzino, n'kuliwunikira ndi katochi kowala buluu. Kuwalako kumalimbitsa phalalo nthawi yomweyo. Pomaliza amalipukuta mpaka liwale, ndipo mnzanu wa m'kalasi sangadziwe kuti ndi dzino liti linabenthuka. Zonsezi zimatheka tsiku limodzi. Kungoti phalali limatha kuda kapena kuperepeseka pakapita zaka, choncho nthawi zina amalibwereza.

Palinso njira ina yomwe ambiri saidziwa: kubwezera chibenthu chenichenicho. Mukachitola n'kupita nacho kuchipatala, adokotala angathe kuchimata pamalo pake ndi guluu yemwe uja. Palibe phala lomwe lingafanane ndi dzino lanu kuposa chidutswa cha dzino lanu lomwe. Chofunika n'chakuti chisaume, choncho chiikeni m'kabotolo ka mkaka.

Akuluakulu ali ndi njira inanso yotchedwa viniya. Aka ndi kachigamba kopyapyala, kopangidwa ndi dothi loyera lowotcha, komwe amakamata kumaso kwa dzino kuti kabise chilema chonse. Chiyambi chake n'choseketsa. Cha m'ma 1928, dokotala wina wa ku California, Charles Pincus, ankapangira tizigamba totere anthu ochita mafilimu ku Hollywood kuti azioneka a mano okongola pojambulidwa. Guluu wa nthawi imeneyo sankagwira, moti akamaliza kujambula ankatichotsa! Viniya wa masiku ano amakhala zaka zambiri, koma kuti akwane, kawirikawiri adokotala amayenera kupala enamelo pang'ono, ndipo wopalidwayo sabwerera. N'chifukwa chake ana samawaika viniya mwachisawawa. Amayamba adikira kuti mano ndi nkhama zikhazikike.

Dzino likasweka kwambiri, moti phala silingagwire, amaliveka chivindikiro chokuta dzino lonse, chomwe madokotala amachitcha crown. Ndipo ngati kusweka kwafika pa mtsempha, nkhani ya kukongola imayamba yaima. Adokotala amayamba ateteza kapena kuchiza mkatimo kuti majeremusi asalowe, kenako n'kumanga kunja. Mukaona kadontho kofiira pakati pa pobenthukapo, kapena dzino likamapweteka mukamwa madzi ozizira, dziwani kuti m'kati mwakhudzidwa.

Tsono zikakuchitikirani, musabise poopa kukalipiridwa. Uzani amayi, abambo kapena aphunzitsi. Chukuchani m'kamwa ndi madzi oyera, ndipo ngati mlomo watupa, ikanipo kansalu konyowa ndi madzi ozizira. Funafunani chibenthu chija, muchiike mu mkaka, ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati dzino la ukulu lazuka lonse, ligwireni kumutu osati kumuzu, muliike mu mkaka, n'kuthamangira kuchipatala ola lisanathe, chifukwa lingathe kubwezeredwa. Dzino la ubwana lokha salibwezera, poopa kuvulaza lomwe likumera pansi pake.

Kuno ku Malawi, zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi mbali yoona za mano, ndipo ngakhale kuchipatala cha boma lanu angakuoneni n'kukuuzani koyenera kupita. Kuyambira 2019, madokotala a mano akuphunzitsidwa konkuno, pasukulu yomwe lero ikutchedwa Kamuzu University of Health Sciences. Ngati mumakonda sayansi komanso muli ndi manja aluso poumba, ntchito imeneyi ikufuna anthu ngati inu.