Bwalo la Milandu Likatseka Dandaulo Lathu

Timapita ku bwalo la milandu kukadandaula za ngongole, za nyumba kapena za ng'ombe. Nthawi zina woweruza amatseka dandaulo lathu asanamve nkhani yeniyeni. Mwina kalata yathu inalembedwa molakwika. Mwina tinachedwa kupereka mapepala.

Tisataye mtima. Bwalo silinanene kuti mnzathu uja wapambana. Lamulo litilola kupempha kuti atimvere.

Ngati tinachedwa chifukwa cha matenda kapena madzi osefukira, tilembe pempho vutolo likangotha. Tifotokoze chimene chinatitsekereza. Tipereke umboni, monga kalata ya kuchipatala. Woweruza adzamvanso mbali inayo, kenaka adzagamula.

Ngati kalata inalakwika, tiikonze ndi kudandaulanso. Tingathenso kuchita apilo ku bwalo lalikulu.

Masiku ochitira zimenezi ndi owerengeka. Tikazengereza, ufulu wathu ungatayike.

Ife osowa ndalama tipite ku IPAJ, bungwe la boma limene linakhazikitsidwa mu 1994. Limathandiza osauka pa milandu kwaulere.

Kalata ya bwalo ikafika, tiiwerenge tsiku lomwelo. Mnzathu wosadziwa kuwerenga timuwerengere, mawa tipite naye ku sukulu ya akulu.