Chigoba Choyera Chimene Chikana Kufa

Munthu aliyense amene anadutsapo pa Lizulu kapena pa Kampepuza dzuwa litapendeka, naima pafupi ndi kanyumba ka vidiyo kotchinga ndi chiguduli pakhomo, namva mfuu ya mkazi ikutuluka m'sipikala pamene anyamata m'katimo alikukuwa kuti “Thawa iwe, ali kumbuyo kwako!”, ameneyo wakomana kale ndi mafilimu a munthu wa mpeni, angakhale sadziwa kumene anafumira. Tsinde lake, monga ambiri avomereza, ndi filimu yotchedwa Halloween, imene John Carpenter anaijambula ku America m'chaka cha 1978, ndi ndalama zosapitirira kwenikweni madola 300,000, nyimbo yake yozizitsa nkhongono ija naipeka yekha.

Nkhani yake njaifupi. Michael Myers, mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, apha mlongo wake usiku wa pa 31 Okutobala 1963, ndipo atasungidwa m'chipatala cha amisala zaka 15, athawa nabwerera kwawo ku Haddonfield, mudzi wongopeka, kukasaka atsikana olera ana a eni, mwa iwo Laurie Strode, amene anali Jamie Lee Curtis. Dokotala wake, Loomis, amuwombera kasanu ndi kamodzi, iye nagwa kuchokera m'chipinda chapamwamba. Koma posuzumira pansi, taonani, pa udzu palibe munthu.

Pomwepo mpamene panayambira umbombo, pakuti filimuyo itabala mamiliyoni ochuluka, eni ake sanafune kuti nkhuku yoikira ifere m'chisa. Michael anamutentha ndi moto mu filimu ya 1981, nauka. Mu 1982 anayesa kutulutsa Halloween yopanda iye, anthu naikana. Laurie anamudula mutu mu 1998, koma mu 2002 tinauzidwa kuti wodulidwayo anali munthu wina wovekedwa chigoba chake (bodza lotere ngakhale agogo pa nthano sakanalinena ana osaseka), ndipo anapitirira motero kufikira Halloween Ends ya 2022, filimu ya nambala 13, m'mene mtembo wake auponya m'makina opera zitsulo. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada: ambiri mwa mafilimu apakatiwo ndi magazi okhaokha opanda nzeru. Anabalanso ana, monga Friday the 13th ya 1980, imene inayambitsa nkhani za wakupha wina, Jason.

Kwa ife mafilimu amenewa anafika mochedwa ndi mozemba, popeza lamulo lopima mafilimu la 1968 linali lolimba masiku a Kamuzu, ndipo dziko linalibe wayilesi yakanema yakeyake kufikira 1999. Makaseti, kenaka madisiki, ndiwo anawabweretsa m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1.

Koma chimene ndifuna owerenga alingalire ndi nkhope ya Michael ija. Inali chigoba cha m'sitolo cha nkhope ya wosewera mafilimu William Shatner, chimene anachipaka utoto woyera nachikuza maso, ndipo mphamvu yake yonse ili m'kusalankhula ndi kusaseka kwake. Ife a kuno ku Ntcheu, Angoni a kwa Gomani okhala moyandikana ndi Achewa a ku Dedza, sitifunika kuphunzitsidwa kuti nkhope yosaphethira imaumitsa thupi. Kusiyana kwake nkwakuti chilombo cha Gule Wamkulu chili ndi eni ake, bwalo lake ndi nyengo yake, chimadzudzula ndi kulangiza, ndipo ng'oma zikaleka chimabwerera kudambwe. Pamene Michael alibe mwini, alibe mlandu umene adzera, ndiponso palibe mfumu imene ingamubweze. Nchifukwa chake wamkulu amatuluka m'vidiyo akuseka, koma mwana amapita naye kumphasa.

Inu eni nyumba za vidiyo, mumadziwa kuwerenga ndalama pakhomo. Werenganinso zaka za wolowayo, ndipo tiana ta ku pulayimale muzitibweza.