Kodi diso lovulala lidzaonanso?

 Lero tikamba za diso lovulala kwambiri. Sindikunena za kachitsotso kamene kamatuluka ndi misozi ayi. Ndikunena za diso lobayidwa ndi waya kapena minga, lolasidwa ndi mwala wa legeni, logundidwa ndi nyanga ya ng'ombe, kapena lolowedwa ndi kachitsulo kothetheka pamene munthu akukhoma nyundo. Zikatere pakhomo pamakhala funso limodzi basi: kodi lidzaonanso?

Ambiri amabwerako kuchipatala atakhumudwa chifukwa dokotala sananene kuti inde kapena ayi. Ena amati akubisa. Sakubisa. Pa tsiku loyamba palibe amene angalumbire, koma pali zizindikiro zimene madokotala amawerengera kuti adziwe ngati mwayi uli waukulu kapena wochepa. Mukazidziwa, mudzamva bwino zimene akukuuzani, ndiponso mudzaona mbali imene ili m'manja mwanu.

Chachikulu pa zonse ndi ichi: disolo likuona chiyani pa tsiku limene wodwala wafika? Dokotala amatseka diso labwino n'kuyesa lovulalalo. Likuwerenga zilembo zapakhoma? Ngati ayi, likuwerenga zala? Ngati ayi, likuona dzanja likugwedezeka? Ngati ayi, likuzindikira kuwala kwa tochi, kapena ndi mdima wokhawokha? Pano ndikupempheni, musasuzumire ndi diso labwinolo pofuna kusangalatsa dokotala, ndipo musanene kuti mukuona pamene simukuona. Zonse zimene akuuzeni pambuyo pake zichokera pa yankho lanulo.

M'chaka cha 2002, dokotala wa maso dzina lake Ferenc Kuhn pamodzi ndi anzake anafalitsa njira yowerengera mwayi umenewu. Anaona mbiri ya maso ovulala oposa 2,500 ku America ndi ku Hungary, n'kufufuza kuti amene anachira anali otani ndipo amene sanachire anali otani. Njirayo imatchedwa Ocular Trauma Score, ndipo imayenda ndi mapointi ngati ligi ya mpira. Diso loona bwino limayamba ndi 100. Loona zilembo zikuluzikulu ndi zapakati limayamba ndi 90, loona movutikira kwambiri monga kungowerenga zala 80, longoona dzanja kapena kuwala 70, ndipo limene lili mumdima limayamba ndi 60.

Kenako amayamba kuchotsera. Ngati diso laphulika chifukwa chomenyedwa ndi chinthu chobuntha, monga chibakera, nyanga kapena mwala, amachotsa 23. Apa ndiye pamagwa mapointi ambiri, chifukwa diso lophulika limang'ambika kuchokera m'kati ndipo zam'kati zimawonongeka. Ngati tizilombo talowa ndipo m'kati mwa diso mwayamba mafinya, amachotsa 17. Ngati chinthu chalowera kutsogolo n'kuboolanso kumbuyo, 14. Kumbuyo m'kati mwa diso muli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina, kamene kamalandira chithunzi cha zonse timaona. Kakamatuka pamalo pake, amachotsa 11. Chotsiriza ndi kamwana ka diso, kadontho kakuda kapakati kaja. Mudzaona dokotala akuwalitsa tochi diso ili, kenako ilo, n'kubwereza. Sakusewera. Kamwana ka diso kamayenera kuchepa kuwala kukafika. Ngati tochi ikafika pa diso lovulala kamwanako kakukula m'malo mochepa, ndiye kuti mtsempha wotenga uthenga kupita ku ubongo wakhudzidwa, ndipo amachotsa 10.

Mapointi otsala amaika diso m'gulu limodzi mwa magulu asanu. Gulu loyamba ndi la mapointi 44 kutsika pansi. M'gulu limeneli, pafupifupi maso atatu mwa anayi alionse anatsala mumdima. Gulu lachisanu ndi la mapointi 92 mpaka 100, ndipo oposa asanu ndi anayi mwa khumi anadzaona bwino.

Tiyeni tiwerengere limodzi chitsanzo, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani yanga yonse. Tinene kuti bambo akukonza khola, waya wafwamphuka n'kumubaya m'diso. Waya walowa kutsogolo kokha, sunaboole kumbuyo. Bamboyo akuona dzanja likugwedezeka. Ali ndi mapointi 70, gulu lachitatu. M'gulu limeneli pafupifupi anayi mwa khumi anadzaona bwino, ambiri otsalawo anaona ndithu zowathandiza kuyenda ndi kugwira ntchito, ndipo otsala mumdima anali ochepa kwambiri, ngati awiri pa 100. Tsopano bambo yemweyo akhale pakhomo masiku anayi, akudikira kuti agulitse kaye thumba la mbatata, kwinaku akudonthezera mankhwala a masamba. M'diso mwayamba mafinya. Chotsani 17, patsala 53. Watsikira m'gulu lachiwiri, mmene pafupifupi mmodzi mwa anayi anatsala mumdima. Waya ndi womwewo, bala ndi lomwelo. Chasintha ndi masiku anayi aja.

Onani bwino zinthu zimene dokotala amawerengera. Kuphulika kwa diso, kubooka, kukhudzidwa kwa mtsempha, zonsezi zimachitika nthawi ya ngozi yomweyo ndipo palibe angazibweze. Koma mafinya amabwera pambuyo. Amabwera ndi dothi, ndi zala, ndi zothira m'diso, ndi kuchedwa. Madokotala amafuna kuti diso long'ambika lisokedwe pasanathe maola 24. Ndikudziwa kuti nthawi ya mvula msewu wochokera kumidzi ya kumapiri si wamasewera, ndipo ndalama ya njinga yamoto sipezeka msanga. Komabe kunyamuka lero madzulo kuli bwino kuposa mawa, ndipo mawa kuli bwino kuposa mkuja.

Pa ulendowo, musatikite diso, musalifinye, musalimange ndi nsalu yothina. Diso lobooka likapanikizika, zam'kati zimatuluka. Dulani kunsi kwa botolo lapulasitiki kapena tengani kapu yaing'ono yoyera, muvundikire diso moti m'mphepete mwake mutsamire pa fupa la pachipumi ndi la patsaya, mumate ndi pulasitala kapena mumange mopepuka. Ngati minga kapena waya ukadali m'diso, usiyeni, akauchotsa okha. Musathiremo mkaka wa m'mawere, mkodzo, shuga, madzi a masamba, ngakhale mankhwala a maso otsala kwa mnansi. Agogo athu amachita zimenezi ndi mtima wabwino, koma pa diso lotseguka ndi njira yolowetsera tizilombo. Pitani kuchipatala chapafupi, akupatseni guia yopitira ku Ulongwe kapena kuchipatala chachikulu cha ku Tete. Mabanja ena a kuno amawoloka malire kupita ku Nkhoma kapena ku Lilongwe, kumene kulinso zipatala za maso. Kulikonse kumene mungafike msanga, pitani. Mukafika, nenani chimene chinavulaza diso ndi nthawi yake, ndipo funsani za katemera wa kafumbata.

Pali kuvulala kumodzi kumene malangizo ake ndi osiyana. Laimu, simenti, asidi wa batire, mankhwala opopera mbewu kapena malovu a njoka zikalowa m'diso, musayambe ndi ulendo. Yambani ndi madzi oyera ambiri, kutsira mosalekeza diso lili chitsegulire kwa mphindi 20 kapena kuposa, kenako nyamukani. Mapointi aja sanapangidwire kupsa kotere.

Diso limanamizanso, ndipo limanamiza mbali zonse ziwiri. Pali diso looneka moopsa, lodzaza magazi kutsogolo, munthu osaona kanthu koma kuwala. Nthawi zambiri magaziwo amaphwa m'masiku ochepa ndipo munthu amayambanso kuona. Wotereyo amafunika kupuma, kugona mutu uli pamwamba, kusamwa asipirini, ndi kubwerera pa tsiku limene amuuza, chifukwa magazi amatha kutulukanso m'masiku asanu oyamba. Palinso diso limene limachita ng'ala pambuyo povulala. Ngati kumbuyo kuli bwino, ng'alayo imachotsedwa ndi opaleshoni. Koma pali lina looneka labwinobwino, losapweteka kwenikweni, pamene kachitsulo kakang'ono ngati njere ya mawere kalowa m'kati n'kukhala. Osula, owotcherera ndi oswa miyala, izi ndi zanu. Ngati munamva china chikukuthethekerani m'diso pamene chitsulo chimamenya chitsulo kapena mwala, kapimitseni ngakhale mukuona.

Kwa ana, mapointi aja ndi ovuta kuwadalira. Mwana wa zaka zitatu amene akulira sangakuuzeni zala zingati. Komanso ubongo wa mwana umakhala ukuphunzirabe kuona mpaka zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu. Diso likakhala nthawi yaitali losaona bwino, ubongo umalizolowera kulisiya, ngakhale bala litapola. N'chifukwa chake nthawi zina dokotala amalamula kuti muziphimba diso labwino maola angapo pa tsiku kuti lovulalalo ligwire ntchito. Mwana amakana, amalira, amasenda. Makolo, limbani mtima.

Ine ndimaona kuti manambala onsewa tiziwamva ndi nzeru. Anachokera kumayiko kumene chipatala cha maso chili pafupi ndi zipangizo zonse, ndipo ngakhale kumeneko amalondola pafupifupi kanayi pa kasanu. Amanena za gulu la anthu, sanena za inu panokha. M'gulu loyamba lija alipo amene anadzaona kuwala ndi dzanja, ena mpaka zilembo. Ndiye dokotala akanena kuti mwayi ndi wochepa koma tisoke, lolani asoke. Ndipo musaweruze diso pa sabata yoyamba. Mapointi aja amalosera mmene diso lidzaonere pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pakati apa pangafunike opaleshoni yachiwiri. Ambiri amasiya kupita kukaonedwa ululu ukangotha, pamene retina imatha kumatuka patapita masabata. Mukayamba kuona ngati mphezi ikung'anima, timadontho takuda tambiri, kapena mthunzi ngati nsalu ikutseka mbali imodzi, bwererani tsiku lomwelo.

Nthawi zina diso limawonongeka kotheratu, losaona ngakhale kuwala, lopweteka usana ndi usiku, ndipo dokotala amapempha kulichotsa. Ndi mawu owawa, ndipo muli ndi ufulu wofunsa mpaka mumvetse musanavomere. Diso loikirira limene amapereka pambuyo pake silithandiza kuona, limangobwezera nkhope maonekedwe ake. Dziwaninso kuti mwa apo ndi apo, diso limodzi likabooka, linzake labwino limatha kuyamba kudwala patapita masabata, miyezi ngakhale zaka. Sizichitika kawirikawiri, koma ngati munavulalapo diso ndipo labwinolo layamba kufiira, kuopa dzuwa kapena kuona mwachimbuuzi, thamangirani kuchipatala ndipo mukanene za ngozi yakale ija. Amene mwatsala ndi diso limodzi, magalasi otetezera asachoke kumaso powaza nkhuni, pokolola chimanga, posula ndi pokwera njinga yamoto.

Amene muli ndi mafunso, kapezeni activista wa m'dera lanu kapena anamwino a pachipatala chapafupi.