Kusankha malo oyeretsera madzi a zonyansa: zimene Petauke ndi Nyimba angaphunzire ku Lusaka

Matauni a Petauke ndi Nyimba m'cigawo ca kum'mawa akukula, ndipo nyumba, masukulu, misika ndi malo ogona alendo zikuculuka m'mbali mwa msewu wa Great East. Koma mabanja ambiri m'matauni awiriwa akali kugwiritsa nchito zimbudzi zokumba ndi matanki okwirira pansi, ndipo zimenezi zikadzala, zonyansa zimafunika kopita.

Tauni iliyonse yomwe ikukula imafika pa nthawi yofuna malo aakulu oyeretsera madzi a zonyansa. Cimene cimavuta kwambiri ndico kusankha pamene malowo adzakhale, cifukwa akangomangidwa amakhala pomwepo kwa zaka makumi ambiri.

Mzinda wa Lusaka ndiwo citsanzo. Malo akale oyeretsera suweji a Manchinchi lero azunguliridwa ndi nyumba za komboni ya Garden ndi madera ena oyandikana nayo. Anthu okhala kumeneko akhala akudandaula ndi fungo kwa zaka zambiri, ndipo malo okulitsira nchitoyo anatha pamene ciwerengero ca anthu mu mzinda cinali kukwera.

Pamene pulogalamu ya Lusaka Sanitation Programme inayamba mu 2015 ndi thandizo la World Bank, African Development Bank, European Investment Bank ndi banki ya KfW ya ku Germany, mapulani anali akuti malo atsopano amangidwe ku Ngwerere, a ku Chunga amangidwenso, ndipo suweji yomwe inali kupita ku Manchinchi itumizidwe ku Ngwerere. Kusamutsa nchito yotere kumafuna mapaipi aatali ndi ndalama zambiri.

Phunziro kwa Petauke ndi Nyimba ndi lakuti malo ayenera kupatulidwa msanga, mapuloti asanagawidwe, ndipo pakati pa malowo ndi nyumba za anthu pasiyidwe mpata woletsedwa kumangapo.

Coyamba cimene akatswiri amayang'ana ndi kutsetsereka kwa nthaka. Malo abwino amakhala kumunsi kwa tauni kuti madzi a zonyansa aziyenda okha m'mapaipi. Akakhala kumtunda pamafunika mapampu a magetsi, ndipo magetsi akazima suweji imabwerera ndi kusefukira m'misewu. Cilala ca 2024, comwe cinacepetsa madzi m'damu la Kariba ndi kucititsa kuti magetsi azizima kwa maola ambiri pa tsiku, cinaonetsa kuopsa kodalira mapampu okha.

Ici ndico cifukwa cake malo amodzi aakulu otumikira matauni onse awiri sangakhale anzeru. Pakati pa Nyimba ndi Petauke pali mtunda wa makilomita pafupifupi 70, wa zitunda ndi zigwa, ndipo kukankha suweji mtunda wonsewo kungadye ndalama zoposa zomangira malo awiri osiyana.

Caciwiri ndi kukula kwa malo. Njira yochipa m'maiko otentha ndiyo ya maiwe otsatizana. M'dziwe loyamba, lomwe ndi lakuya, zonyansa zolemera zimamira ndi kuola. M'maiwe otsatira, omwe ndi osaya, dzuwa, ndere ndi tizilombo tosaoneka ndi maso zimatsiriza nchito ndi kupha tizilombo toyambitsa matenda. Madzi amakhala m'maiwemo kwa masabata angapo asanatulutsidwe. Njira imeneyi siifuna magetsi ambiri, koma imafuna mahekitala ambiri, kuphatikizapo ena osungira maiwe a mtsogolo.

Cacitatu ndi madzi a pansi pa nthaka. Mabanja ambiri ku Petauke ndi Nyimba amamwa madzi a m'zitsime ndi m'mijigo. Dothi la mcenga kapena miyala yong'ambika zimalola zonyansa kulowa pansi mofulumira, pamene dothi la dongo limatseka. Ku Kanyama mu Lusaka, kumene miyala ya laimu ili ndi mphako ndipo madzi ali pafupi, zimbudzi zaipitsa zitsime zosaya, ndipo deralo linali pakati pa omwe anakhudzidwa kwambiri ndi kolera ya 2017 mpaka 2018. Mliri wina womwe unayamba mu October 2023 unagwira anthu oposa 20,000 m'dziko lonse ndi kupha oposa 700, ndipo bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala.

Pa cifukwa comweco dambo silikhala malo abwino ngakhale lili kumunsi. M'nyengo ya mvula limadzala madzi, maiwe angasefukire, komanso ndimo muli madimba ndi pomwera ziweto.

Cacinayi ndi kumene madzi oyeretsedwawo adzathirire. Madzi ocokera ku Ngwerere amalowa mu mtsinje wa Chongwe, womwe anthu a tauni ya Chongwe amadalira. Momwemonso mtsinje wa Nyimba umathira mu Luangwa, ndipo m'mbali mwake muli midzi ndi madimba. M'cilimwe mitsinje ing'onoing'ono imaphwa, motero madzi otuluka m'maiwe sapeza ena owasungunula. Malo otulutsira madziwo ayenera kukhala kumunsi kwa pomwe tauni imatunga madzi akumwa, ndipo midzi ya kumunsiko iyenera kuganiziridwa.

Mphepo nayo imawerengeredwa. Kwa miyezi yambiri ya cilimwe imaomba kucokera kum'mawa ndi kum'mwera ca kum'mawa, motero malo a kumadzulo kwa tauni amathandiza kuti fungo lisalowe m'nyumba. Pamafunikanso msewu wopitika nthawi ya mvula, cifukwa zonyansa zambiri zidzafika ndi magalimoto opopa zimbudzi, osati ndi mapaipi.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya umwini wa nthaka. Malo ambiri ozungulira matauni awiriwa ali m'manja mwa mafumu, monga Mfumu Yaikulu Kalindawalo ku Petauke ndi Mfumu Ndake ku Nyimba. Lamulo la nthaka la 1995 limafuna cilolezo ca mfumu ndi ca khonsolo malo a mwambo asanasinthidwe kukhala a pepala. Pa malo otere pamakhala minda ya cimanga ndi nshawa, mwinanso manda, ndipo mabanja osunthidwa amayenera kulipidwa.

Mabungwe okhudzidwa ndi angapo. Kampani ya Eastern Water and Sanitation ndiyo imayendetsa nchito za madzi ndi ukhondo m'matauni a cigawoci, pansi pa NWASCO yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1997. Bungwe la WARMA limayang'anira mitsinje ndi madzi a pansi pa nthaka. Bungwe la ZEMA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, limafuna kafukufuku wa mmene nchito yaikulu idzakhudzire cilengedwe isanayambe, ndipo malamulo amafuna kuti anthu okhudzidwa afunsidwe maganizo ao.

Pa misonkhano yotere anthu ali ndi ufulu wofunsa kuti ndi malo angati omwe anayerekezedwa, mtunda wofika ku nyumba ndi zitsime zapafupi ndi wotani, madzi adzathira mu mtsinje uti, ndiponso ndani adzasamalira maiwe akadzadzala matope. Mafunso amenewa amathandiza akafunsidwa malo asanasankhidwe, pamene nthaka yopanda nyumba ikalipo kunja kwa Petauke ndi Nyimba.